Mabulangeti a Merrilyn ndi Mlandu wa Denzil

Kimba, 9 Juni 2002

Wokondedwa mwana wanga Denzil,

Ndikhulupirira uli bwino ku Adelaide kumeneko. Kuno tilipo, kungoti mvula yatikana. Abambo ako anafesa tirigu m'fumbi mwezi watha, ati mwina kumwamba kuchita manyazi, koma mpaka lero kuli mbee. Nkhosa tikuzidyetsa udzu wogula. Chifuwa chawo chija chayambiranso, ndipo ukangotchula chipatala amavala chipewa n'kutuluka.

Kodi foni yako yatani? Ndakhala ndikuimba Lamulungu lililonse, imangolira. Ndiye ndati ndibwerere ku cholembera.

Kutchalitchi Mayi Haeusler anandikokera pambali, ati mwana wawo anaona dzina lako m'nyuzipepala pa nkhani ya kukhoti. Ndinawayankha kuti a Treloar ndi ambiri m'dziko muno. Koma mtima sunakhale pansi. Undiuze, mwana wanga.

Mlongo wako Merrilyn naye sakuseka masiku ano. Mabulangeti a ubweya amasoka aja ankayenda bwino chaka chonse chatha, mwamuna wake Kelvin atapeza njira yowatsatsira pa kompyuta. Ena anapita mpaka ku Canada. Koma chiyambire Epulo kuli zii, palibe wogula. Iwe wodziwa makompyuta, sungawathandize?

Ndine amayi ako,
Thelma

*

Adelaide, 16 Juni 2002

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Pepani pokudetsani nkhawa. Ine ndili bwino, ndikudya, musandiganizire za kuonda.

Mayi Haeusler sananame. Ndasumiridwa, koma sindinabe kanthu ndipo si mlandu wa kundende. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu timasamala makina amene makalata a pa kompyuta, aja timati imelo, amadutsiramo. Tsono pali makampani amene amatumiza makalata otsatsa malonda kwa anthu miyandamiyanda amene sanawapemphe. Ife timawatcha zinyalala. Amadzaza makina mpaka makalata enieni kulephera kudutsa, ndipo ena amakhala ndi zithunzi zoti sindingakuuzeni. Gogo wina anabwera ku ofesi akulira, mdzukulu wake atatsegula zoterozo pofuna kalata ya mayi ake.

Pali gulu la anthu odzipereka, amwazikana dziko lonse lapansi, amene amasunga mndandanda wa otumiza zinyalala kuti makina azikana makalata awo. Ine ndinalemba pa tsamba langa la pa intaneti kuti kampani ya munthu wina dzina lake Pellew ndi imodzi mwa otumizawo, n'kuonetsa umboni. Pasanapite nthawi Pellew analowa pa mndandanda, makalata ake n'kuyamba kubwerera. Ndiye akuti ndamuphera bizinesi, ndimulipire ndalama zoti ngakhale nditagulitsa nsapato ndi mano sizingakwane.

Samani anandibweretsera kuntchito, anthu akuona. Bwana wanga anasuzumira n'kunena kuti, "Iwe Denzil, ndi nkhope yako ya m'busayo, wapha ndani?" Tonse tinaseka. Pano sakusekanso.

Foni ndinaizula. Anthu osadziwika ankaimba n'kumangopumira m'khutu, ena kutukwana. Ndapeza loya wachifundo, Mayi Zervos, akundiimira mwaulere. Iwo ndi amene andiletsa kulemba za mlanduwu pa kompyuta, n'chifukwa chake mukuonanso zolemba zanga zokhotakhotazi.

Abambo musawauze, chonde. Ndi chifuwa chawocho angodwalirapo.

Za mabulangeti ndithandiza ndi mtima wonse. Afunseni alamu a Kelvin kuti amatsatsa kudzera mwa ndani.

Mwana wanu,
Denzil

*

Kimba, 25 Juni 2002

Denzil,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino. Ana ali bwino. Ife ayi.

Wafunsa kuti timatsatsa kudzera mwa ndani. Kudzera mwa Pellew.

Amayi anatiwerengera kalata yako titatha kudya, abambo ali kukhola. Atafika pa dzinalo Kelvin anaika kapu pansi, n'kufunsa kuti, "Amayi, mwati ndani?" Amayi anabwereza. Iye anangodzuka, kukakhala m'galimoto osaliza injini. Amayi akundiyang'ana ine, "Kodi ndawerenga molakwika?"

Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikutemberera munthu wosadziwika amene watitsekera pakamwa, osadziwa kuti ndi mwana yemwe ndinkamuperekeza kusukulu nditamugwira dzanja.

Zimene ukuzitcha zinyalalazo, Denzil, ndi zimene zinagulira ana anga nsapato chaka chatha. Ndi zimene zagula udzu umene nkhosa za abambo zikudya. Ukuganiza kuti munthu wa ku Canada akanadziwa bwanji kuti ku Kimba kuli mayi wosoka mabulangeti? Akanalota? Ine sindinatumizepo chithunzi cholaula kwa gogo aliyense. Changa chinali chithunzi cha bulangeti pa bedi. Wosalifuna ankangofufuta, zinamupweteka pati?

Kelvin anaimbira Pellew. Ndi munthu wolankhula mwaulemu, si chilombo chimene wajambula iwecho. Anadabwa kumva kuti ndiwe mlamu wake. Akuti iye milandu saikonda. Ukangolemba kuti unalakwitsa, n'kupepesa, n'kuuza anzakowo amuchotse pa mndandanda, mlandu utha tsiku lomwelo. Mawu ochepa chabe. Unalembapo ambiri pomunyoza.

Chipinda cha ana chadzaza mabulangeti mpaka kudenga. Azimayi awiri amene ankandithandiza kusoka ndawauza akhale kaye kunyumba, ndipo timakumana kusitolo tsiku ndi tsiku.

Pepesa, mlongo wanga. Sindinakupemphepo kanthu.

Merrilyn

*

Adelaide, 14 Julaye 2002

Achemwali,

Pepani pochedwa kuyankha. Ndayamba kalatayi kangapo n'kumang'amba.

Ndikulumbira, sindinkadziwa. Makalata a Pellew amene ndinagwira anali a mankhwala ochepetsa thupi ndi maphunziro abodza a kulemera msanga. La mabulangeti sindinalione. Ndikanaliona ndikanakuimbirani tsiku lomwelo kuti chokaniko kwa munthu ameneyo.

Koma zimene mwapemphazo sindingathe. Mndandanda si wanga. Amene amausunga sindiwadziwa ngakhale nkhope, ndipo salamulidwa ndi munthu. Ndingagwade pamsewu, Pellew sachokapo mpaka atasiya khalidwe lake. Iyenso akudziwa zimenezi. Chimene akufuna ndi pepala lakuti Denzil Treloar ananama, kuti aziopsezera nalo aliyense wotsegula pakamwa. Ndipo sindinaname, achemwali. Mukuti wosafuna azingofufuta. Munthu mmodzi akataya chikho pakhomo panu mutola. Nanga mzinda wonse ukamataya, m'mawa uliwonse?

Ndinakumana naye pakhonde la khoti sabata yatha. Anandigwira paphewa ngati malume. "Mnyamata wanga, ndamva kuti kwanu mvula yavuta. Ndamvanso kuti mlongo wako amasoka bwino. Bwanji osaganizira abale?" Mayi Zervos anamuuza kuti, "Chotsani dzanjalo, bambo, lingakubweretsereni mlandu." Amene mukumutcha waulemuyo akukugwiritsani ntchito ngati chikwapu chondikwapulira.

Ndiloleni ndikukonzereni tsamba lanulanu, anthu ofuna mabulangeti azikupezani okha. Ziyenda pang'onopang'ono poyamba, koma n'zoyera. Mlandu ukangotha ndibwera ndidzachite zimenezi.

Mupsompsone ana.

Denzil

*

Kimba, 8 Seputembala 2002

Mwana wanga Denzil,

Moni. Uli bwanji? Ndakutumizira jamu ndi masokosi, undiuze ngati zafika.

Merrilyn sanakuyankhe, ndikudziwa. Atawerenga kalata yako anangoti, "Zoyera sizidyedwa." Ine pakati panu ndatopa. Ndikamva iwe ndimati ukunena zoona, ndikamva iye ndimatinso akunena zoona.

Abambo ako amva. Si ine. Anapita kukagula mankhwala a nkhosa, ndiye mwana wa a Haeusler uja, pakamwa ngati chitseko chothyoka, anawakuwira anthu ali pamzere: "A Hedley, mwana wanu uja akuti amathyola makompyuta a anthu! Mukamuonere kundende!" Anabwera kunyumba opanda mankhwalawo. Anandifunsa kuti, "Thelma, unkadziwa?" Ndinati eya, koma si momwe amvera. Ndinayesa kufotokoza za zinyalala ndi mndandanda, koma ine ndemwe ndinasokonezeka. Iwo anangoti, "Munthu sapita kukhoti chifukwa chosesa." Chiyambire tsikulo dzina lako salitchula. Si mkwiyo, ndimawadziwa. Ndi manyazi, ndiponso kuwawa kuti anamva kwa anthu.

Tirigu wapsa asanafike m'bondo. Sabata yatha anaombera nkhosa zokalamba zimene zinalibe wogula. Anakana kuti Kelvin awathandize. Pobwera sanadye, anangokhala pakhonde ndi galu.

Koma pali nkhani yabwino. Kelvin anapita ku Adelaide Lachinayi, atavala jekete lake la ukwati. Nditamufunsa anati, "Ndikukakonza nkhani ija, amayi." Ndinasangalala kwambiri. Ndiye munaonana? Wabwera wosalankhula, koma Kelvin ndi wotero. Ndikhulupirira munakhala pansi ngati pachibale. Undilembere zimene munagwirizana.

Amayi ako

*

Adelaide, 6 Okutobala 2002

Achemwali,

Amayi akufunsa ngati ndinaonana ndi alamu. Muwayankhe ndinu, ine ndilibe mawu.

Ndinawaona alamu, inde, koma papepala. Mayi Zervos anandiitana n'kundipatsa umboni wolumbira umene mbali ya Pellew yapereka kukhoti. Anati, "Uyu Kelvin Noske wa ku Kimba ukumudziwa?" Ndinawerenga ndili chiimire. Akuti bizinesi ya banja lake yafa chifukwa cha zolemba zanga. Watchula chilala, watchula ana, watchula ngakhale nkhosa za abambo. Pansi pake saini yake, yomwe ija anasaina pa ukwati wanu ine ndili mboni.

Anafika mumzinda muno, anadutsa pafupi ndi nyumba yanga, osagogoda. Inu munkadziwa? Musandiyankhe. Ndikuopa yankho lililonse.

Ntchito yatha. Maloya a Pellew analembera bwana wanga kuti nayenso amusumira, ndiye anandiitana maso ali pansi. "Denzil, ndili ndi ana." Aliyense ali ndi ana, achemwali, ndaona. Ine ndekha ndi amene ndilibe chobisalirako.

Nyumba ndikuchokamo mawa, ndizigona kwa anzanga uku ndi uku. Mlandu ulowa pa 1 Novembala. Kufikira tsikulo musandifune, inu kapena amuna anu. Chilichonse chimene ndinganene kwa inu sindikudziwa kuti chikathera patebulo la ndani. Amayi ndiwalembera zonse zikatha.

Denzil

*

Kimba, 29 Okutobala 2002

Denzil,

Abambo agwa dzulo kukhola. Ndi mtima, si chifuwa. Ali m'chipatala cha kuno, adokotala akuti ndi ofooka kwambiri moti sangawanyamule kupita nawo ku Adelaide. Akuti tiitane abale.

Ndaimba kuntchito kwako, akuti unachoka. Ndakutumizira imelo, yabwerera. Ndatumizanso, yabwereranso. Kelvin akuti adiresi yathu inalowa pa mndandanda uja pamodzi ndi ya Pellew, makina ako akutikana. Kalatayi ndikuitumiza kunyumba yako yakale, mwina wina akupatsa.

Kelvin anyamuka m'bandakucha kudzakufuna kwa loya wako. Ndamuuza asabwere wopanda iwe.

Zonse zija zisiye. Usapepese kwa aliyense, sindikufunanso. Ingobwera. Akukufunsa.

Merrilyn

*

Melbourne, 3 Novembala 2002

Okondedwa Abambo,

Sindinakulembereni kalata chiyambire ndili kusukulu yogonera konko, ndiye mundikhululukire ngati ikhale yokhotakhota. Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa chija chachepa. Dzulo ndinaimba kunyumba koma palibe anayankha, ndiye ndati mwina muli kumunda ndi amayi. Ndi bwinonso, chifukwa pafoni mumangoti "eya, eya" n'kupatsira amayi.

Abambo, mlandu watha. Ndawina. Woweruza anati Pellew alibe umboni uliwonse wakuti ndinanama kapena kuti ndine ndinamuika pa mndandanda, ndipo anati munthu sasumiridwa chifukwa chonena zoona. Sizinatenge ngakhale m'mawa wonse. Pellew anatuluka osayang'ana munthu. Anzanga a gulu lija, ena ndinali ndisanawaonepo nkhope, anadzaza khonde n'kumandikumbatira. Wina wachikulire anachokera kutali kwambiri kudzangondigwira chanza.

Ndikudziwa zimene munamva kusitolo. Sindinathyole kompyuta ya munthu, sindinabe. Ndinaona munthu akuipitsa chitsime chimene tonse timamwa, ndipo ndinamutchula dzina. Inu munachitapo zomwezo pamene anthu ena ankataya mankhwala mu mtsinje. Ndinakubisirani poopa kukudwalitsani, ndipo ndikuona tsopano kuti ndinakupwetekani koposa. Pepani.

Pali chinthu chimodzi chimene chandiwawa, ndipo ndikuuzani chifukwa ndinu mutu wa banja. Lachitatu alamu a Kelvin anabwera ku ofesi ya Mayi Zervos. Ine ndinali m'chipinda cham'kati, ndinkawamva. Ankauza mlembi kuti, "Muuzeni atuluke, abambo ake akudwala, ndabwera ndi galimoto." Mayi Zervos analowa n'kundinong'oneza kuti, "Mboni ya Pellew, mlandu uli mkuja, ikufuna ukwere galimoto yake upite kutali ndi khoti. Ukuganiza bwanji?" Ndinati auzeni kuti kulibe. Anadikira panja mpaka ofesi kutseka, ine ndinatulukira khomo la kuseri. Kugwiritsa ntchito ana ndi nkhosa ndinapirira. Koma kufika ponamizira matenda anu, abambo, zinandinyansa. Komabe sindisunga mangawa. Ndikudziwa kuti chilala chimapangitsa munthu zachilendo.

Mnzanga wina wa gululi wandipezera ntchito kuno ku Melbourne, ndinakwera basi tsiku lomwelo la mlandu. Adiresi ndi iyo ili kuseri kwa envulopu. Pa Khirisimasi ndibwera. Ndidzakonza tsamba la achemwali, ndipo ngati mpanda wa kumpoto uja sunakonzedwe mundidikire, tidzaukonze awiri.

Mwana wanu,
Denzil

*

Kimba, 8 Novembala 2002

Mwana wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Khala pansi usanapitirize kuwerenga.

Abambo ako anatisiya Lachinayi lapitalo, pa 31, madzulo. Tinawaika Lachitatu lino pafupi ndi makolo awo. Tinadikira mmene tikanathera. Merrilyn anaimbira loya wako Lolemba, mayiyo analira pafoni, koma anati unapita ku Melbourne osasiya nambala. Foni ya kunyumba inkalira yopanda woyankha chifukwa ine ndikugona kwa Merrilyn.

Kelvin sananame, Denzil.

Ndikuuza mmene zinakhalira chifukwa ukapanda kumva kwa ine udzamva kusitolo. Atagwa Lolemba lija, anatsitsimuka tsiku lotsatira, mutu uli bwinobwino. Anaitana Merrilyn n'kumuuza kuti, "Tandifotokozera za mlongo wakoyu, amayi ako amangozungulira." Merrilyn anawafotokozera zonse, osadzikometsera. Anati, "Sanabe kanthu, abambo. Ananena zoona za munthu wina, ndipo zoonazo zinatigwera ife." Abambo ako anati, "Ndiye ine ndimachitiranji manyazi? Kamutengeni."

Lachinayi m'mawa Kelvin analowa m'chipindamo yekha, maso ali psuu, atayendetsa galimoto osagona. Abambo ako anayang'ana kumbuyo kwake, pachitseko. Anafunsa, "Ali kuti?" Kelvin anati, "Ndamupeza, bambo. Amafuna kubwera, koma woweruza wakana kuti achoke mlandu usanathe. Afika Loweruka." Iwo anati, "Chabwino. Aime kaye pa mlandu wake." Sanadandaule. Anapempha tiyi, anamwa pang'ono, n'kugona. Koma ife Kelvin anatiuza panja kuti sanakupeze.

Dzulo ndinawerenga kalata yako mokweza patebulo, osadziwa zili m'kati, monga ndinachitira ndi yoyamba ija. Sindiphunzira. Nditafika pa za chipinda cham'kati ndinaika kalatayo pansi. Merrilyn anayang'ana mwamuna wake. Kelvin anati, "Ndinkadziwa kuti alimo. Njinga yake inali pakhomo." Merrilyn anafunsa, "Bwanji sunathyole chitseko?" Iye anati, "Nditasaina pepala lija, akanandikhulupirira ndani?" Kenako anaphimba nkhope ndi manja. Zaka zonsezi ndinali ndisanamuonepo akulira. Merrilyn anatuluka, ndipo mpaka pano sananene kanthu za iwe, chabwino kapena choipa.

Sindikukuimba mlandu, mwana wanga. Milandu yakwana. Usadzitsekere m'chipinda kumeneko n'kumadzidya wekha, ndimakudziwa.

Zoti wawina ndamva. Ndikanakonda kukondwera, koma amene ndikanathamangira kukamuuza palibe.

Munda sindingauthe ndekha. Nkhosa zotsala zipita kumsika mwezi uno, ndipo Kelvin akuti chaka chikatha akafuna ntchito kumigodi. Zovala za abambo ako sindinazikhudze. Galu akungogona pakhomo la khola, akukana kudya.

Usadikire Khirisimasi. Pempha abwana ako atsopanowo, auze kuti bambo ako amwalira, akakana usiye ntchitoyo. Ndilembere tsiku limene ukwere basi. Ine usiku sindionanso bwino poyendetsa, ndipo Merrilyn sindinamufunse. Kelvin wati ndi iyeyo amene adzakuchingamire.

Ndine amayi ako,
Thelma